Kope la mabuku: kulondoloza zomwe mwawerenga chaka chonse

Munthu wokonda kuwerenga mukamufunsa mu Disembala kuti chaka chino wawerenga mabuku ati, amatchula awiri kapena atatu kenako n'kuyamba kukanda m'mutu. Omwe amawakumbukira ndi a posachedwa, kapena lija linamukwiyitsa. A mu Febuluwale ndi Malichi anapita ndi mvula. Ndipo si mayina okha omwe amathawa. Buku la mbiri lomwe munachezera nalo usiku masabata atatu, lero wina atakufunsani kuti linkati chiyani, mungoyankha kuti linali labwino.

Mankhwala ake si odula: kope limodzi, cholembera, ndi mphindi khumi pa buku lililonse lomwe mwamaliza. Chimagwetsa anthu ambiri n'kuyamba ndi dongosolo lalikulu, la zolembera zamitundumitundu ndi mizere yokongoletsa, lomwe limatheka mu Januwale mokha. Pofika Epulo ntchito yachuluka, kope laiwalika. Dongosolo lomwe ndikufotokoza pano ndi loti mukhoza kulitsata mutatopa, magetsi atazima, mukuunikira ndi tochi ya pafoni.

Choyamba, sankhani polemba, ndipo pakhale pamodzi

Gulani kope la chikuto cholimba, hadikava. La masamba 96 likukwanirani ngati mumawerenga buku limodzi kapena awiri pamwezi. Ngati mumawerenga kuposa apo tengani la 192. Kope wamba la ana asukulu limathothoka chikuto pofika Juni, ndipo masamba oyamba, omwe ndi ofunika kwambiri, ndi amene amayamba kutayika. Lembani ndi bolopeni chifukwa inki yamadzimadzi ikakumana ndi chinyontho cha m'dzinja imafalikira. Kopelo lizikhala pomwe mumawerengera, koma osati pansi kapena chogunda khoma, paja chiswe sichisankha.

Ena amakonda pafoni, ndipo si kulakwa. Goodreads, pulogalamu yosungira mndandanda wa mabuku yomwe Amazon inagula mu 2013, imakulolani kujambula ISBN, nambala yozindikirira buku yomwe imakhala kuchikuto chakumbuyo, buku n'kulowa lokha pamndandanda wanu. StoryGraph nayo imasunga mndandanda ndipo imakuonetsani mtundu wa mabuku omwe mumawerenga kwambiri. Pa mabuku a Chingerezi osindikizidwa ku London kapena ku New York zimenezi zimayenda bwino. Koma kasakenimo buku la Chichewa lomwe mwalipeza m'bokosi la agogo. Nthawi zambiri mulibe, ndipo akalewo alibe ndi ISBN yomwe. Komanso pamafunika bandulo nthawi iliyonse. Ngati mtima wanu uli pafoni basi, tsegulani Google Sheets, pulogalamu yolembamo zinthu m'mizere ndi m'madanga: mumalembamo chilichonse chomwe mukufuna, ndipo foni ikabedwa zolembazo zimatsala mu akaunti yanu. Ine ndimakonda kope, bola kutha kwa mwezi kujambula masamba ake n'kudzitumizira pa imelo. Chomwe musachite n'kulemba theka m'kope theka pafoni, chifukwa chaka chikatha mudzapezeka mulibe mndandanda wathunthu kulikonse.

Chachiwiri, ligaweni kopelo tsiku lomwe mwagula

Patsamba loyamba lembani dzina, chaka ndi nambala ya foni, kuti likatsala m'minibasi wolitola akhale ndi pokupezerani. Kenako ikani manambala pakona pa masamba onse. N'zotopetsa, koma ndi ntchito ya kamodzi.

Masamba anayi otsatira ndi a mndandanda wa chaka. Tambasulani kope kuti masamba awiri oyang'anizana akhale ngati limodzi, mujambule mizere yotsika ndi rula. Kumanzere kukhale nambala ya buku, mutu wake, mlembi, ndi chaka chomwe linatuluka koyamba. Kumanja kukhale tsiku lomwe mwayamba, tsiku lomwe mwamaliza, chilankhulo, kuchuluka kwa masamba, komwe mwalipeza, ndi kadanga ka chilembo chimodzi: P ngati ndi nkhani yopeka, Z ngati ndi zochitikadi. Danga lomaliza ndi la tsamba la m'kope momwemo pomwe mwalemba ndemanga ya bukulo. Pa danga la komwe mwalipeza, ngati mwagula lembaninso mtengo.

Mutu wa buku muukopere momwe ulili pachikuto. Mabuku akale, ndiponso ambiri osindikizidwa ku Zambia, amalemba c pomwe ife timalemba ch, ndiye mukaukonza mudzavutika kulisaka ku laibulale.

Mndandanda ukhale umodzi. Ena amaika zopeka pazokha, zochitikadi pazokha, koma potero amataya chinthu chokoma kwambiri, chomwe ndi kuona momwe chaka chinayendera: kuti buku la mbiri ya nkhondo ndi lomwe linakukankhirani ku nthano yonena za nthawi yomweyo, kapena kuti mwezi womwe kunyumba kunali matenda munkangofuna nkhani zopepuka. Kachilembo kaja n'kokwanira kuwasiyanitsa powerengetsa.

Kumapeto kwa kope sungani masamba awiri a mabuku omwe mukufuna kudzawerenga, ndi ena awiri a obwereka ndi obwereketsa. Pakati ponsepo ndi pa ndemanga.

Chachitatu, mangani mfundo ya zomwe zizilowa pamndandanda

Chitani izi musanalembe buku loyamba, apo ayi mudzayamba kudzinamiza mu Novembala nambala ikamaoneka yochepa. Buku la PDF lomwe mwawerengera pafoni ndi buku, ngakhale ndinene kuti alembi athu sapezapo kanthu mabuku awo akamangoyenda pa WhatsApp, ndiye lomwe mungathe kugula guleni. Lomvetsera ndi bukunso. M'malo mwa masamba lembani maola. Lomwe mwalibwereza lilembeninso, n'kuikapo kachizindikiro. La kusukulu kapena ku koleji lilowe pokhapokha ngati mwaliwerenga lonse, osati lija mumangotsegula mutu womwe ubwere pamayeso. Nyuzipepala ndi magazini ayi.

Baibulo lipatseni tsamba lakelake. La mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189, kotero wofuna kulimaliza m'chaka amawerenga atatu patsiku, masiku ena anayi. Lembani mayina a mabuku ake motsika n'kumachonga. Chimodzimodzinso Qur'an ndi magawo ake 30. Mukazisakaniza pamndandanda waukulu mudzangodzizunguza mutu kuti kodi kalata ya Yuda, ya mavesi 25, muiwerenge ngati buku limodzi mofanana ndi Yesaya wa machaputala 66.

Chachinayi, P kapena Z

Apa ndi pomwe pamavuta, ndipo musaweruze potengera kukoma kwa buku. Funso ndi limodzi: kodi mlembi akukulonjezani kuti izi zinachitikadi, moti mutamugwira bodza mukhoza kumudzudzula? Ngati ndi choncho, ndi Z. Ngati ali ndi ufulu wolenga anthu ndi zochitika, ndi P, ngakhale atatchula Zomba, Kabula ndi mayina a mafumu enieni.

Mabuku awiri a kwathu konkuno akuonetsa bwino msamphawu. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, linalembedwa ngati mbiri ya munthu kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, ndipo miyambo ya m'mudzi yomwe ilimo ndi yeniyeni. Komabe Nthondo mwiniwakeyo ndi munthu wopeka, choncho bukulo ndi P. I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965, limakoka mtima ngati nthano: mnyamata wa kumpoto kunyamuka wapansi n'kukafika mpaka ku Khartoum posaka maphunziro a ku America. Koma ulendowo unayendedwadi, ndiye ndi Z.

Mukakayika, yang'anani pamsana pa buku ngati ndi la ku laibulale. Malaibulale ambiri a anthu wamba ndi a m'sukulu amagwiritsa ntchito manambala a Dewey, omwe amasanja mabuku potengera nkhani zake. Za chipembedzo zili m'ma 200, zaumoyo pa 610, zaulimi pa 630, mbiri ndi za mayiko m'ma 900. Nthano, ndakatulo ndi zisudzo zili m'ma 800, koma nkhani zopeka nthawi zina zimakhala pashelefu yapadera yolembedwa F. Nthano za makolo ndi miyambi Dewey amaziika pamodzi pa 398, koma ine apa ndimasiyana naye: nthano za Kalulu ndi Fisi ndimazipatsa P, pomwe buku lotanthauzira miyambi ndimalipatsa Z chifukwa mlembi akunena zomwe anthu amanenadi. Ndakatulo ndi zisudzo zimakana kulowa kulikonse, ndiye zipatseni chilembo chawochawo, N. Mukasankha njira, khalani nayo chaka chonse.

Chachisanu, ndemanga ilembedwe tsiku lomwe mwamaliza

Osati mawa. Mzere wa pamndandanda mumaudzaza kawiri, tsiku loyamba bukulo ndi tsiku lolimaliza, koma ndemanga ilembeni bukulo likadali m'manja, makamaka ngati ndi lobwereka.

Ya nkhani yopeka isapitirire theka la tsamba. Musalembe ngati mukuyankha mayeso a MSCE, kundandalika ampangankhani onse ndi mfundo zazikulu. Nenani kuti nkhani ndi ya yani, ankafuna chiyani, zinamuthera bwanji. Tchulani malo amodzi omwe akukanirirani m'mutu, ndi tsamba lake. Kenako maganizo anu, osabisa. Mathero alembeni ndithu, kopelo ndi lanu. Ndemanga yokwanira imaoneka chonchi:

"Mtsikana wa kumudzi apita kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba kuti alipirire mlongo wake fizi. Abwana aakazi ndi ankhanza, koma mlembi sanawasandutse mfiti, nawonso banja likuwasautsa. Tsamba 88, pomwe mtsikanayo akudya mkute kukhitchini ali chiimire kuopa kuitanidwa, ndi lomwe landikhudza, chonsecho palibe mawu odandaula ndi amodzi omwe. Mathero achita kuthamangitsidwa, ndalama zangogwa kuchokera kumwamba. Lina la mlembi yemweyu ndingabwereke, koma kugula ayi."

Mawu akuti labwino kapena losangalatsa sanapezekemo, chifukwa pakatha chaka sakukumbutsani kanthu. Mkute wa patsamba 88 ndi womwe udzabweretse buku lonse m'mutu. Zopereka nyenyezi zisanu kapena zitatu ndi zanu, koma kwa ine funso lothandiza ndi lakuti kodi bukuli ndingamupatse ndani. Mukasowa dzina, mwadziwa kale momwe mwalionera.

Chachisanu ndi chimodzi, mabuku a zochitikadi amafuna ntchito yambiri

Awa apatseni tsamba lathunthu, ndipo ntchito imayamba mukadali mkati mowerenga. Dulani kapepala kakatali koika pomwe mwalekezera. Mukapeza mfundo yofunika, lembani pakapepalapo nambala ya tsamba ndi mawu awiri atatu, n'kupitiriza kuwerenga. Osalemba m'buku la eni, osapinda makona. Mukamaliza kayang'aneni kapepalako. Mupeza kuti pa zonse zomwe munachonga, zolemera ndi zinayi kapena zisanu, zinazo zinangokusangalatsani panthawiyo. Zolemerazo ndi zomwe zilowe m'kope.

Pamwamba pa tsamba lembani chiganizo chimodzi chonena chomwe mlembi akufuna kuti mukhulupirire. Chikakuvutani kulemba, mwina bukulo simunalimve, mwinanso mlembiyo sanadziwe chomwe amafuna kunena, ndipo zonse ziwirizi n'zofunika kuzidziwa. Pansi pake ikani mfundo zija, iliyonse ndi tsamba lake. Nambala ya tsamba musaione yachabe. Tsiku lina pamacheza wina adzalimbikira kuti kuukira kwa John Chilembwe kunachitika pa 15 Januwale popeza ndi tsiku la tchuthi, inu mukudziwa kuti kunayamba pa 23 Januwale 1915. Kutchula buku ndi tsamba kumathetsa mtsutso msanga kuposa kukweza mawu.

Mawu omwe mwakopera ndendende muwatsekere m'mitengero. Maganizo anu muwayambe ndi mawu akuti "Ine:" kumayambiriro kwa mzere. Zikuoneka zazing'ono, koma pakatha zaka ziwiri simudzasiyanitsanso chomwe ananena mlembi ndi chomwe munaganiza inu, ndipo kwa wophunzira, mlaliki kapena wolemba nkhani, umo ndi momwe munthu amabera mawu a mnzake osadziwa.

Danga lija la chaka chomwe buku linatuluka limagwira ntchito yake pano. Buku la mbiri ya Malawi losindikizidwa m'dziko muno pakati pa 1968, pomwe lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa, ndi 1994, silikanatha kunena zonse za ulamuliro wa Kamuzu Banda. Lolembedwa ndi mmishonale kapena mkulu wa boma la atsamunda m'nthawi ya Nyasaland limaona makolo athu ndi maso a mwini wake. Si mabuku otaya, ena mwa iwo ali ndi zinthu zomwe simungazipeze kwina, koma lembani mzere umodzi wonena kuti walemba ndani, ali kuti, m'nthawi iti. Mabuku awiri akatsutsana pa nkhani imodzi, lembani patsamba la lililonse nambala ya linzake. Pa mabuku a zaumoyo, malamulo ndi ulimi, chaka chimakuuzani ngati malangizowo akadali ndi ntchito. Mankhwala amasintha, malamulo amasinthidwa, mbewu zatsopano zimabwera.

Buku lophunzitsa kuchita chinthu, kaya ndi bizinesi, kuweta nkhuku kapena kulera ana, ndemanga yake ithere pa chinthu chimodzi chomwe muchite, ndi tsiku lake. "Tsamba 41, katemera wa chitopa. Kukafunsa alangizi a ziweto Lachisanu." Mukasowa cholemba pamenepa, lembani kuti palibe. Mabuku olimbikitsa mtima ambiri amagwera apa: powerenga mumamva ngati mawa mudzuka munthu wina, koma kusaka choti muchite Lolemba n'kusowa.

Chachisanu ndi chiwiri, osamalizidwa ndi obwereketsa

Buku lomwe mwalisiyira panjira lilembeni ndithu. Pa danga la tsiku lomaliza ikani kamzere ndi tsamba lomwe mwasiyira, ndipo kundemanga chiganizo chimodzi chonena chifukwa. Palibe mlandu kusiya buku lomwe masamba 50 atha lisanakugwireni. Koma zifukwazo zikaunjikana zimakuphunzitsani: mwina si mabukuwo, ndi nthawi yomwe mumawatsegula. Buku la zachuma kulitsegula mutadya nsima yamadzulo n'kulilakwira. Ndipo samalani ndi kuyamba asanu nthawi imodzi, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Awiri akukwana, P limodzi Z limodzi. La Z m'mawa mutu ukadali wopepuka, la P usiku kapena pamzere kubanki.

Tsamba la obwereketsa lili ndi madanga anayi okha: buku, munthu, tsiku lomwe watenga, tsiku lomwe wabweza. Lembani iye akuona, moseka, kuti adziwe kuti zalembedwa. Omwe mwabwereka inu, kaya kwa mnzanu kaya ku National Library Service, lembani tsiku lobweza patsamba loyang'anizana nalo.

Chachisanu ndi chitatu, kutha kwa mwezi

Tsiku lomaliza la mwezi jambulani mzere wopingasa pansi pa buku lomaliza, mulembe dzina la mwezi m'mbali, muphatikize masamba. Mwezi womwe simunamalize buku lililonse ulembeninso, ndi mawu awiri onena chomwe chinachitika. Kenako jambulani masambawo ndi foni.

Ngati mukufuna kudziikira mlingo, uikeni pa masamba, osati pa mabuku. Wowerenga mabuku ndi nambala amayamba kuzemba aakulu n'kumasaka timabuku ta masamba 60 kuti mndandanda utalike, ndipo omwe amavulala ndi a Z, poti ambiri ndi onenepa komanso oyenda pang'onopang'ono. Masamba 10 patsiku ndi 3,650 pachaka, omwe ndi mabuku 14 a masamba 250. Masamba 20 patsiku ndi 7,300, mabuku 29. Musayembekezere kuti miyezi ifanana. Mlimi mu Disembala ndi Januwale ali ndi kupalira ndi kubandira, mphunzitsi ali ndi nyengo yochonga mayeso, wa mu ofesi ya zachuma ali ndi kutseka chaka. Miyezi yopepuka ndi yomwe imabweza ngongole.

Pomaliza, kuwerengetsa kwa Disembala

Patulani madzulo amodzi. Werengani ma P, ma Z ndi ma N. Werengani a Chichewa ndi a Chingerezi. Werengani olembedwa ndi amayi, olembedwa ndi Amalawi, olembedwa ndi anthu a mayiko ena a mu Africa. Phatikizani ndalama zomwe mwagulira mabuku. Zotsatira zake kawirikawiri zimadabwitsa mwini kope: munthu wodziona ngati wokonda mbiri n'kupeza kuti wawerenga buku la mbiri limodzi, kapena woyankhula Chichewa tsiku ndi tsiku n'kupeza kuti chaka chonse sanatsegule buku la Chichewa kupatula la nyimbo kutchalitchi. Sikuti P ndi Z ziyenera kufanana. Wina akhoza kuona kuti wapendekera ku nthano n'kunena kuti zili bwino choncho. Koma akhale wasankha yekha, ataona.

Mukatha manambala, werengani ndemanga zonse kuyambira Januwale. Apa ndi pomwe mudzaone kuti buku lomwe munalinyoza mu Meyi ndi lomwe mwakhala mukulitchula pamacheza, pomwe lomwe munalitamanda simukulikumbukanso. Onjezani mzere pansi pa ndemanga yakaleyo ndi cholembera cha mtundu wina, osafufuta zoyambazo. Yang'ananinso zija munalonjeza kuchita m'mabuku a Z, muchonge zomwe zinachitika.

Tsamba la mabuku omwe mukufuna kudzawerenga limakhala litatupa pofika pano. Musalisamutse lonse. Sankhani asanu omwe mukudziwa komwe mungawapeze, muonjezepo osamalizidwa omwe mukufuna kuwapatsa mwayi wina, amenewo ndi omwe alowe m'kope latsopano. Ngati lakaleli likadali ndi masamba, siyani tsamba limodzi lopanda kanthu, mujambule mndandanda wina, manambala ayambirenso pa 1. Likadzadza, matani kapepala ka chaka pamsana pake. Ndipo tsegulani tsamba la obwereketsa: omwe adakali ndi mabuku anu atumizireni uthenga sabata ya Khirisimasi isanafike, asananyamuke ulendo wa kumudzi buku lanu lili m'chikwama.